Malikisi a Kapitawo Latifu

Fomu ya malikisi a Latifu ankaidzaza ali khale pa benchi, kapu ya tiyi ili pambali. Iwo anali kapitawo pa chigayo cha mpunga cha kopaletivu ina ku Chia, ndipo mwezi uliwonse ankapereka malikisi osonyeza mmene wantchito aliyense akudzitetezera ku ngozi.

Koma maso awo ankakhala pa matumba, osati pa manja a anthu. Mlamu wawo Usman anali wachangu. Chigayo chikatsamwa, ankangopisa dzanja injini ikulira, n'kuchotsa mankhusu. Ameneyu ankalandira khumi pa khumi. Tedson, yemwe ankayamba wathimitsa injini, ankapatsidwa anayi, ati ndi waulesi.

"Akapitawo, kuthamanga sikufika," Tedson ankatero.

A Latifu ankangomuseka, n'kutembenukira kwa Usman. "Alamu, mwamuna pano ndinu nokha!"

Lachiwiri lina mu Juni, mpunga utachuluka, lamba wa chigayo anakoka dzanja la Usman. Kuchipatala anamudula zala ziwiri.

Kunyumba Mwanahalima, mkazi wa a Latifu, sanakalipe. Anangofunsa, "Abambo, simumaona zomwe amachita mchimwene wangayo?"

"Ndimaona," anayankha ataweramitsa mutu. "Ndimachita kumuyamikira."

Mawu awo omwewo anawalasa mumtima. Koma ndikanadziwa sabweza zala.

Patapita sabata, kunabwera mayi wa ku ofesi ya zantchito. Ataona mafomu aja anapukusa mutu.

"Bambo Latifu, fomuyi sifunsa amene wagaya matumba ambiri. Ikufunsa zomwe mwaona ndi maso anu. Kodi wantchito amathimitsa injini asanagwire lamba? Amavala chotchinga mphuno? Amachenjeza anzake?"

"Komatu Usman anali asanavulalepo chiyambire."

"Umenewo unali mwayi, sikusamala ayi. Muziima pafupi ndi antchitowo masiku osiyanasiyana, mulembe zomwe mwaona, kenako mukambirane ndi mwiniwakeyo. Chibale chisalowepo."

A Latifu anapepesa Tedson pamaso pa onse, ndipo anayamba kuchita monga mayi uja anawalangizira. Chaka chotsatira mpunga wonse unagayidwa popanda wovulala. Usman anabwerera ku chigayo, koma pa ntchito yomanga matumba. A Latifu akamuona akulimbana ndi chingwe ndi zala zitatu, chisoni chimawagwira mpaka lero.

Akapitawo, antchito amatsata chimene inu mumayamikira. Perekani malikisi kwa amene akusamala moyo, chifukwa kuyamikira changu choopsa n'kutuma munthu kukavulala.