Makina Anayi Otsala

"Mungonena kuti makinawo anathyoka," anatero a Elliam, akutseka chitseko cha ofesi. "Atsikana anu anawathyola, basi."

Lukiya anawayang'ana ahedi akewo. Chinali chaka chake chachitatu akuphunzitsa zosoka pasukulu ya ntchito zamanja imene boma linatsegula kunja kwa tawuni ya Balaka. Boma lomwelo linatumiza makina osokera khumi ndi awiri, onyezimira. Asanu ndi atatu anadzawakweza pa lole a Lucius, wapampando wa chipani m'deralo, ati akasokere amayi zovala zovinira pamsonkhano. Msonkhano unachitika, mvula inagwa mpaka kukata, makina osabwera. Aliyense ankadziwa kuti akulira pakhonde la sitolo ya alamu awo kumsika.

"Chitsulo chonse chija, achithyole kamtsikana ngati Zaina, woti ulusi weniweniwu umamukanika kudula?" anafunsa Lukiya.

"Mayi, ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi. Nthabwalazo muzikachitira kwanu."

Mlendo wochokera kulikulu anafika dzuwa litakwera, bambo wamagalasi, wotumidwa kudzaona ngati boma lipitirize kuthira ndalama pa maphunzirowo. Anapeza atsikana makumi awiri ataunjikana pa makina anayi, ena akuphunzira kusoka pamanja pa mapepala a simenti.

"Nanga enawo ali kuti?" anafunsa.

A Elliam anatsokomola. Lukiya anadziwa kuti akangoti anathyoka, kalasi itsekedwa, mlandu n'kugwera ana a eni. Iye ndiye anayankha.

"Sanathyoke, bwana. Anabwereka awapampando. Sanabwezebe."

Makina onse anayi anaima. Mlendo uja anasuzumira pawindo, kenaka anatseka cholembera chake pang'onopang'ono n'kuchibwezera m'thumba.

"Mayi, khutu langali silimva bwino," anatero motsitsa mawu. "Koma m'chipinda muno makutu alimo ambiri."

Anachoka osadya ngakhale nkhuku imene anamuphera.

M'mawa mwake atsikana asanu ndi awiri sanabwere. A Elliam anamulambalala Lukiya pakhonde ngati sakumudziwa. Mayi wogulitsa mandasi pachipata, amene masiku onse ankamuseka za nsapato zake zakutha, anangomupatsira mandasiwo maso ali kumbali.

Loweruka Lukiya anamanga zovala za mwana wake Habiba m'chitenje, n'kumuperekeza kusiteshoni pamodzi ndi achemwali a Lukiyayo amene ankapita naye, kuti akayambe wakhala kwa agogo ake ku Nayuchi. Mwanayo anabayibitsa pawindo mpaka sitima inakhota.

Pamenepo bambo wina wajekete lotuwa, amene Lukiya anali asanamuonepo, anasendera pafupi akutafuna nzimbe.

"Aphunzitsi a Lukiya Sadiki! Habiba mwamukweza bwino?"

Lukiya anatembenuka. "Eee, bambo."

"Inuyo simupita nawo?"

"Iyayi. Lolemba ndili ndi kalasi."

Bamboyo analavula nzimbe ija panjanji, n'kumwetulira.

"Zili bwino, mayi. Ndiye kuti sitivutika kukupezani."