Mawu Olandirira Emi

Sabata imeneyo Fainala sankakhazikika. Ankati akayamba kusankha fodya m'chigafa, posakhalitsa wadzuka, foni kumanja, ulendo wa pachulu cha kuseri kwa nyumba pomwe netiweki inkagwirako pang'ono.

Mchimwene wake Levison anapita ku Japan zaka zisanu ndi zinayi zapitazo kukaphunzira za ulimi, n'kukwatira konko. Tsopano anali akubwera kwawo ku Njombwa Loweruka ndi mkazi wake Haruka komanso mwana wawo Emi, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Mwanayo Chichewa sankachidziwa n'komwe.

"Mwana wa achimwene adzangoti duu pakati pa abale ake?" Fainala anafunsa mwamuna wake Dominic. "Ayi. Ana a pano aphunzire kumulonjera m'chilankhulo chake."

"Nanga inuyo mukuchidziwa?"

"Pofika Loweruka ndikhala nditachidziwa."

Haruka anamutumizira mawu khumi ojambula pa foni. Fainala ankawamvetsera mobwerezabwereza, n'kuwalemba ndi khala pa katoni yomwe anaikhoma pamtengo wa mango. Ana akaweruka kusukulu ankasonkhana pamenepo, ake awiri ndi ena asanu a matenanti a pa esiteti yoyandikana nayo.

"Konnichiwa, ndiye kuti moni. Nenani!"

"Konnichiwa!"

"Mizu, madzi. Arigato, zikomo."

Lachitatu anafika pa liwu la galu. Fainala anazengereza, kenako anatchula: "Inu."

Ana anagubuduka ndi phwete. Madzulo omwewo a Mphepo, mkulu wa mpingo, ankadutsa pa njinga. Ana anawathamangira akukuwa kuti "Inu! Inu!" ena akuuwa ngati agalu. A Mphepo anatsika n'kukankha njinga mpaka pakhomo.

Fainala anagwada n'kufotokoza zonse.

"Chilankhulo cha eni ake sindikuchinyoza," anatero a Mphepo. "Koma mawa ana amenewa akalonjera bwanji aphunzitsi awo? Limenelo lifufuteni."

Analifufuta ndi chala chonyowa iwo akuona.

Fodya naye sankadikira. Anzawo anali atadinda kale mabelo, koma Dominic anapeza masamba ofiira ndi achikasu atamangidwa pamodzi m'mindindi ya mkazi wake. Anaimasula yonse n'kuyamba kusankhanso masambawo yekha, ndipo zimenezi zinamupweteka Fainala kuposa kukalipa.

Loweruka alendo sanafike. Galimoto yawo inawonongekera ku Madisi. Fainala anasesa pabwalo katatu, anapita kumsewu n'kubwerako, n'kupitanso. Alendowo anafika Lamulungu masana, fumbi lili mbuu. Ana anafola pamzere monga anawaphunzitsira, ndipo Emi atangotsika anakuwa onse pamodzi:

"Konnichiwa!"

Mwana uja anadzidzimuka, anabisala kumbuyo kwa mayi ake n'kuyamba kulira. Tsiku lonselo sanawataye. Ana anayesa kumupatsa madzi akunena kuti "mizu", iye anangotembenukira kumbali.

M'mawa mwake Fainala analowa m'chigafa atakhumudwa. Sanafune n'kuyang'ana komwe pamtengo wa mango. Ali mkati momanga fodya anaona Emi ataima pakhomo la chigafa, akuyang'ana masamba olendewera kudenga. Mwanayo anapita patsogolo pang'ono, kenako anagwira mphuno.

"Kusai!"

Tithokoze, mwana wa tenanti wochokera ku Phalombe, anali pomwepo atabweretsera Fainala luzi. Nayenso anagwira mphuno yake n'kubwereza: "Kusai!"

Emi anamuyang'anitsitsa, n'kuseka.

Haruka anabwera akuthamanga, manyazi atamugwira, akuweramira Fainala kangapo. Levison ndi amene anamasulira. "Akuti mukununkha muno, achemwali. Mayi ake akupepesa."

"Apepesa chiyani? Fodya amanunkhadi," anatero Dominic, akuseka koyamba sabata yonseyo.

Pofika masana gulu lonse linali likuzungulira mudzi, Emi ali patsogolo. Anapita kukhola la mbuzi, kudzala, mpaka pansapato za Dominic zomwe zinali padzuwa, ndipo paliponse ankagwira mphuno n'kukuwa liwu lawo latsopanolo. Emi anavula nsapato zake n'kukana kuzivalanso.

Lachitatu m'mamawa alendo anapakira katundu. Fainala anagwira chitseko cha galimoto osafuna kuchisiya.

"Mudzabweranso liti, achimwene?"

Levison anakanda kumutu. "Sindikudziwa. Mwina pakatha zaka zitatu."

Galimoto inanyamuka pang'onopang'ono chifukwa cha mabampu, Fainala akuitsatira pambuyo mpaka pamphambano. Itazimiririka sanabwerere kunyumba. Anapitirira ndi msewu womwewo, kudutsa minda ya mapesi a fodya, mpaka pachigayo, pomwe anakumbukira kuti sanatenge chimanga chilichonse.