Eda M'nyumba ya Lendi

Jeremiya anali akukulunga wailesi ya malemu mchimwene wake m'nsalu ya chipani pamene a Mustapha, eni nyumba, anaodira pakhomo. Elina, mkazi wa malemuyo, sanadzuke pamphasa. Chibwerereni ku Ntcheu kokaika mwamuna wake Rodgers, miyendo inkangomulemera.

Pangano la lendi linali lodziwika: wosaina akamwalira, nyumba ibwerere kwa eni ake pakutha pa mwezi, makoma atapakidwa laimu. Jeremiya anawauza a Mustapha kuti laimu wagula kale, katundu anyamula mawa pa lole, mlamu wakeyo ndi ana aona okha kolowera. Kwawo kwa Elina munda unagawidwa kalekale. Chomwe chinatsala ndi mandasi ake a pamsika wa Mangochi, ndipo ana anali pakati pa temu.

A Mustapha anakhala pansi pang'onopang'ono, milomo itauma ndi swaumu, kusala kudya kwa mwezi wa Ramazani.

"Mawa? Nanga eda?"

Jeremiya anafunsa kuti edayo n'chiyani. Mkuluyo anadabwa kuti munthu wandevu sakudziwa: mkazi woferedwa sachoka m'nyumba ya mwamuna wake mpaka miyezi yolira itatha. Iwo sangalandire kiyi nthawiyo isanakwane, anthu a kumzikiti angawaone bwanji? Za lendi adzakamba pambuyo pake.

"Ife ndi a mpingo, che Mustapha. Zimenezo n'za Chisilamu."

"Alamu," anatero Elina osadzutsa mutu, "edayo ndikhala ine, osati inu."

Kenaka anafunsa chomwe chinkamuvuta: ngati woferedwa sapita kumsika, mandasi agulitsa ndani? A Mustapha anati akazi awo a Tatu azimutengera dengu la mandasi kumsika m'mawa. Bedi ndi mapoto anati zisachoke, munthu sakhala eda m'nyumba yopanda kanthu.

Jeremiya anang'ung'udza, nakolekera wailesi paphewa, ulendo wa kudepoti. Laimu anamusiya pakhonde.

Masana ana anabwera kusukulu ndi njala. Elina anapakula mbatata, koma asanawapatse anadzikoka kukatseka chitseko ndi zenera loyang'ana kubwalo la eni nyumba.

A Mustapha, omwe anali akadali pakhonde, anayankhulira kunja komweko.

"Bambo Rodgers ankatero chaka chilichonse tikamasala. Zimenezo m'pangano sitinalembemo."

Elina anakhoma kachitsulo ka zenera, nauza ana kuti adye osasokosera.