Thonje la Pamkono

Tsiku limene ndinkakwera basi ya ku Joni, Ukasha anandigwira dzanja pakhomo pa nyumba yake yosankhiramo nsawa. Anati ndipite mtima uli m'malo: malinga ngati chitseko chija chikutseguka, mlongo wanga Edita sadzachotsedwa ntchito. Tinakulira limodzi, ndiye ndinamukhulupirira.

Ndinabwerera ku Chipata imvi zili mbuu, nthawi ya Korona. Mapiri ndinawapeza atametedwa mpala, Ukasha atanenepa ngati thumba la feteleza. Sabata imeneyo anali atalamula kuti wosabayitsa katemera asalowe pageti. Ndinagwirizana nazo, poti ku Joni matendawa anandilanda anzanga.

Koma makhadi a katemera anali atatha kuchipatala, choncho Boaz, mlonda, anauzidwa kuti azingoona thonje pamkono. Amayi oopa jekeseni sanachedwe kupeza nzeru. Wobayidwa akalowa, ankamatula thonje lake n'kupatsira mnzake pampanda. Ndinaliona ndekha: thonje limodzi, lakuda ndi thukuta, kadontho ka magazi pakati, likuyenda mkono ndi mkono, akulimata ndi malovu. Boaz ankayang'ana kumitambo.

Edita anapitadi kukabayitsa, koma namwino anamubweza chifukwa ankatsokomola ndipo thupi linali litatentha, nati abwere akachira. Chifuwacho anachitengera m'fumbi la nsawa, m'nyumba yomweyo yopanda mawindo. Mnzake Sesiliya anamutambasulira thonje pampanda. Edita anakana, anati uve wa munthu wina sangaumate pathupi pake.

Ndinapita kwa Ukasha. Anandithirira tiyi, n'kufotokoza kuti ogula nsawa akunja akufuna kumva kuti antchito onse anabayidwa. Nditamuuza za thonje lija, anaseka mpaka mimba kugwedera.

"Achimwene, mwakhalitsa kunja inu. Kuno timaona mkono basi. Auzeni alongo anu amate ngati anzawo."

"A Ukasha, munthuyo akudwala. Mpatseni masiku achire, akabayitsa."

Anapukuta pakamwa. Anati lamulolo analiikira zomwezo, kuteteza thanzi la antchito ake, ndipo akachitira chifundo mmodzi, mawa onse adzatentha thupi.

Lolemba chitseko chinatseguka monga mwa masiku onse. Amayi analowa ndi thonje lawo. Boaz anaimitsa Edita pageti, namuuza kuti lichero lake lapatsidwa kwa wina, ntchito yatha.