Zikhadabo za anti a makeke

...ndiye mvetsera kaye iwe hihihi! Gulu lathu lija la mabizinesi ang'onoang'ono, lotumizirana makasitomala, ine ndinatsala pang'ono kutulukamo. Atelala amalandira anthu, anti a makeke amalandira anthu, koma ine wopenta zikhadabo palibe amandikumbuka. Amangoti, "Pepa mwana, timaiwala."

Ndiye pamsonkhano wapitawu, mushopu ya atelala, ndinangotulutsa timabotolo tanga ta penti wa zikhadabo n'kunena kuti, "Aliyense andipatse dzanja." Anaseka koma anapereka! Nditamaliza onse anangokhala manja m'mwamba kudikira kuti ziume, dzuwa likulowa pawindo, zikhadabo zikungonyezimira pakati pa nsalu zolendewera. Ndimangoona ngati ndikulota eti.

Pano anti akamapereka bokosi la keke, kasitomala amayamba wafunsa kuti zalazo anakupangani ndani, kenako uyo akugogoda kwa ine!! Sinditulukanso ayi. Gulu lagwirizana kuti aliyense aziyenda ndi ntchito ya mnzake, moti pano ndavala bulauzi yosoka atelala.

Nditamufotokozera mnzanga wa kusukulu anayankha kuti, "Ndilowetseni nanenso! Koma ine ndimagulitsa nkhuku zamoyo, ndani azindinyamulira?"