Hamala ya M'kanyumba ka Phula

Jędrzej Stopka anakhoma chitseko cha kanyumba kopakiramo phula ma ski, timatabwa totsetserekera pachipale chofewa, n'kuponya hamala pamapazi pa mng'ono wake Wojtek.

"Ndivule nsapato iyi. Umenye chala chachikulu. Kamodzi kokha, koma mosanyengerera."

Kunali kutatsala mphindi makumi awiri kuti mpikisano wa makilomita khumi uyambe. Jędrzej anafa ziwalo kuyambira pachifuwa kutsika, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri ankapikisana atamangidwa pakampando kokhala pa ski, akudzikankha ndi ndodo ziwiri. Mphunzitsi anali atamuuza mosapita m'mbali kuti akapanda kukhala mwa atatu oyamba, malo ake m'timu apita kwa wina. Popanda timuyo, Jędrzej ankadziona ngati katundu wongosunthidwa m'nyumba.

Njira yodzivulaza dalayi ndi yoletsedwa, koma othyoka msana onse amaidziwa. Ukavulaza phazi lakufalo, iwe sumva kanthu, koma thupi limadzidzimuka, magazi amathamanga, mikono n'kupeza mphamvu za anthu awiri.

"Anamwino andiyeza kale BP, sabweranso," anatero Jędrzej. "Fulumira."

"Achimwene, nanga mtsempha wa m'mutu ukaphulika? Ine ayi."

Jędrzej anamugwira pakhosi ndi dzanja limodzi, n'kumumenyetsa nkhope pathebulo. Zitini za phula zinagwa. Mikono imeneyo sinali yoseweretsa.

"Msana wanga unauthyola ndi thirakitala osandipempha n'komwe. Lero kachala kokha ukuchita nako chisoni?"

Anali mawu ankhanza, ndipo anadziwa pobaya. Wojtek anagwada, magazi akuchucha m'mphuno, n'kuvula nsapatoyo ndi sokosi yaubweya imene mayi awo analuka. Anatsinzina n'kumenya. Fupa linalira ngati kamtengo kouma. Wojtek anasanza pakona, pomwe mwini phazi ankangoyang'ana ngati phazilo ndi la munthu wina.

Pofika poyambira mpikisano, nkhope ya Jędrzej inali itafiira, thukuta likutsika ngakhale kunkazizira koopsa. Anachoka ngati wolumidwa. Pachitunda choyamba anapitirira anthu atatu, ndodo zikubaya chipale mwaukali. Pakona anagunda kampando ka mnzake, mnzakeyo n'kukagwera m'mipaini, iye osacheuka. Mutu unkagunda ngati hamala ija yasamukira m'chigaza. Pachitunda chomaliza diso limodzi linachita mdima, koma anapitirizabe mpaka kudutsa mzere womalizira.

"Wachiwiri," anatero mphunzitsi, akumumenya paphewa. "Nkhalamba iwe, unazibisa kuti mphamvu zimenezi? Malo ndi ako."

Jędrzej anafuna kuseka, koma pakamwa panakhotera mbali imodzi. Anafuna kukweza ndodo kuti anthu aone. Yakumanzere inakwera. Yakumanja inangolendewera palamba wake, dzanja litagwera m'chipale.

Wojtek anafika akuthamanga, magazi atauma pachibwano. Anatola dzanjalo n'kulifinya ndi mphamvu zake zonse.

"Achimwene, mukumva? Ndifinyeni. Chonde ndifinyeni."

Jędrzej anaona zala za mng'ono wake zikulowa m'mnofu mpaka kuyera. Analiyang'ana dzanjalo monga anayang'anira phazi lija m'kanyumba, ndipo mantha amene sanawamve m'mawa wonse anamugwira tsopano.

"Wojtek," anatero, lilime likulemera, "wayamba kale kufinya?"