Anankafumbwe a Alamu

Chaka chomwe mafakitale a ku Kafue anayamba kuchotsa anthu ntchito, Mwandida anaferedwa mwamuna, ndipo mlamu wake Davison analanda dimba la kumtsinje misozi isanaume. Anati dimba ndi la banja, mkazi wokwatiwa silimukhudza. Anazula repu ndi tomato wofiira kale, n'kundandalikapo migolo yodula pakati.

Migoloyo inali ya alendo akunja. Masiku amenewo mtsinje unali utatsekeka ndi namasupuni, udzu woyandama uja wa maluwa okongola ngati mkazi wachiwiri. Mabwato ankakanika kudutsa, mvula nayo inali itayamba kubwera mwaulesi. Ndiye mayiko angapo anagwirizana kuthandizana, poti madzi a Kafue amagwera mu Zambezi n'kukamwedwa mpaka ku Mozambiki. Anabweretsa pa ndeke tizilombo takuda ta mlomo wautali todya namasupuni, toti tiswane kaye m'migolo tisanatayidwe mumtsinje. Davison, amene kufakitale ankangotsegula geti, anakhala woyang'anira. Anamupatsa njinga, chipewa ndi jombo, moni wake n'kufupika.

Mwandida anayamba kuwotcha chimanga pasiteshoni. Mlamu wake akamadutsa ankamugwadira bwinobwino, bondo mpaka pansi, mumtima akumusenda ngati chinangwa.

"Ba mulamu, muli shani? Nanga nkhope yatupa bwanji?" anafunsa Mwandida tsiku lina.

"Udzudzu, mulamu. Migolo ija ikubala udzudzu kuposa tizilombo ta azungu."

"Pepani. Ndili ndi mankhwala otsala a tomato wanga uja. Ine wopanda dimba ndipopera chiyani, tsitsi? Katengeni."

Davison anapopera migolo yonse, osasiya ndi umodzi. Udzudzu unathadi. Tizilombo ta pa ndeke nato tinayandama miyendo m'mwamba, alendo atatumiza kale uthenga woti akubwera sabata yomweyo.

Anafika kwa Mwandida njinga akuikankha, chipewa chili m'manja.

"Mwandipha, mulamu."

"Ine? Ine sukulu ndinangoionera pazenera. Ophunzira ndinu. Koma khalani pansi. Tizilomboto mwati n'takuda?"

"Takuda."

"Mlomo wautali?"

"Wautali."

"Nanga mukulira chiyani? M'thumba langa la chimanga chofumbwa muli anankafumbwe odzaza minibasi. Mzungu angawafunse chitupa?"

Davison anatseka maso, n'kupemphera m'malilime pakhonde pomwepo mpaka nkhuku zinachoka. "Mulungu akukugwiritsani ntchito, mulamu."

"Kwambiri," anatero Mwandida, akumupatsa sefa.

Alendo anabwera pa galimoto zoyera. Panali mayi Gwendolyn a ku Ulaya, amene anabweretsa tizilombo tija, ndi bambo wina wa ku Tete, wamfupi, wolankhula Chinyanja chakumudzi. Amayi a m'deralo anaimba, a ku Boma analankhula za kusintha kwa nyengo mpaka mthunzi unasuntha. Mwandida anakhala kutsogolo, atavala chitenje chake chopitira ku tchalitchi.

Tsono nankafumbwe ndi madzi n'zosiyana. Pomwe Davison ankathyola Chingerezi, iwo anali atatuluka m'migolo, atakwera mwendo wa tebulo, ali piringupiringu m'mbale ya mabisiketi a alendo.

Bambo wa ku Tete anatola mmodzi pachala, namuyang'ana ngati m'bale amene anasowa kalekale.

"Uyu ndimamudziwa," anatero. "Anawamalizira nkhokwe amayi anga. Wayamba liti kudya udzu?"

Anthu anaseka mpaka ena kugwira mapewa a anzawo. Mayi Gwendolyn sanaseke. Anasuzumira mgolo uliwonse, akutembenuza masamba ndi chala, nkhope itafiira ngati yopsa ndi madzi otentha. Tizilombo tija anatilera okha kwawo, anatiyendera maofesi a mayiko atatu kuti tiloledwe kulowa.

"Ndi mlamu wangayu," anatero Davison, akuloza Mwandida. "Ndiye anandipatsa zonse."

Mwandida anagwada, maso pansi. "Bwana, ine ndine mkazi wokwatiwa chabe. Za padimba pano sizindikhudza. Afunseni eni ake."

Madzulo asanafike migolo inali pa lole, kupita kwa gulu lina la amayi kutsidya kwa mlatho, kuti akayambirenso. Njinga inakwera nawo. Davison jombo anamuvula pomwepo, anabwerera kwawo ndi masokosi. Dimba sanalitchulenso, poti khasu ndi manja otsegula geti sizidziwana.

Namasupuni anakhalabe chaka china chathunthu. A Enock, asodzi oyandikana naye, amene bwato lawo linkaolera pamtunda, anasiya kumuyankha moni Mwandida, ndipo mkazi wawo ankalavula akakumana pamsika. Mwandida, dimba litabwerera m'manja mwake, kuti atunge madzi othirira ankayamba walowa mumtsinje mpaka m'chiuno, kudula udzuwo ndi chikwanje, misundu ikumuyamwa miyendo. Ankaichotsa ndi mchere, n'kubwerera kukafesa repu wake, akuimba nyimbo ya kwaya mokweza kuti imveke mpaka kunyumba kwa Davison.